Chipande cha Apongozi Anga

Tsiku limene ndinalowa m'nyumba ya a Kou ngati mtengwa, ndinapeza bokosi la maliro lili kale m'chipinda chosungiramo tirigu. Linali la apongozi anga, a Pang Gailan, ndipo eni akewo anali asanakwane n'komwe zaka makumi asanu, mano onse ali m'kamwa, akusenza okha thumba la mbatata kuchokera kumunda wakumtunda. Kukonzeratu bokosi si zachilendo kwathu kuno ku Koujiapo, nkhalamba iliyonse yolongosoka imatero. Chachilendo chinali msinkhu wawo ndi mmene ankalichitira. Chaka chilichonse ankalipaka vanishi wakuda, likauma ankalinyamula mbali imodzi kuti amve kulemera kwake, n'kupukusa mutu.

"Matabwa awa ndinalakwitsa," anatero tsiku lina. "Ndi ochindikala kwambiri. Anthu anayi sangalithe."

"Alinyamule anayi chifukwa chiyani, Mayi? Si asanu ndi atatu?"

"Iwe ukadali mlendo," anandiyankha, n'kutseka chitseko.

Munthu kuno amapita kumanda pamapewa a amuna asanu ndi atatu a m'mudzi. Ana ake sanyamula, iwo amatsogola atavala zoyera. Aganyu alipo kutauni, koma kunyamulidwa ndi aganyu ndiko kulengeza kuti munthuyo anakhala m'mudzi moyo wake wonse osapeza phewa ndi limodzi lomwe. Ichi ndicho apongozi anga ankaopa, kuposa imfa yeniyeniyo. Choncho maliro aliwonse akagwa, iwo ndiwo ankayamba kufika, poti maliro n'kulirana. Ankatunga madzi, kusenda adyo, kutsuka mbale zamafuta m'madzi ozizira mpaka zala kuchita dzanzi. Koma nthawi yogawa chakudya ikafika, chipande chinkawadumpha n'kupita kwa mayi wina. Palibe amene ankanena kanthu, ndipo iwonso sankachitambasulira dzanja.

Ngakhale kunyumba kwathu zinali choncho. Ankaphika okha phala la mawere, n'kulitakasa bwinobwino, kenako ankandipatsa ine chipande kuti ndigawe. Anzanga a kwathu ankandisirira, ati mwezi usanathe apongozi akupatsa kale mphika. Inenso ndinkayenda mokweza mapewa, osadziwa kuti munthuyo akuchiopa chipande ngati khala la moto.

Nkhani yake ndinaimva pansi pa mtengo wa pamphero, pamene anthu amadyera masana atanyonyomala, aliyense ndi mbale yake. Kalelo kunagwa njala ya zaka zitatu, miphika ya m'nyumba inalandidwa ndi boma, ndipo mudzi wonse unkadya pa khitchini imodzi ya gulu. Malole anabwera n'kututa tirigu ndi mawere, ati zokolola zachuluka malinga ndi malipoti. Zotsala zinatha chisanu chisanafike pakati, galu wakuda n'kulowa m'nyumba iliyonse. Mumphika waukulu uja munkalowa madzi, masamba ouma a mbatata, makungwa osinja ndi timanja tingapo ta ufa. Phala lotere limagawika pawiri likangokhazikika: pamwamba madzi okhaokha, pansi ndi pamene pali kamoyo. Amene anasankhidwa kugwira chipande anali a Gailan, chifukwa anali ndi mikono yamphamvu, ndipo amuna awo anali kutali kokumba ngalande ya boma. Anthu mazana awiri ankaima pamzere tsiku ndi tsiku, maso onse ali pa dzanja limodzi, kuona ngati limira kapena lingokokola pamwamba.

Mwini nkhaniyi anali a Kou Shunlai, msuweni wa malemu apongozi aamuna, amene ife timawaitana kuti Bambo aang'ono. M'zaka zimenezo anali mnyamata woyendetsa ngolo ya gulu, ndipo mayi awo anafa m'chaka chachiwiri cha njala, miyendo itatupa. Munthuyo pakamwa anali napo. Ankaika mbale pansi, n'kutenga timitengo todyera, n'kuyerekeza dzanja la apongozi anga.

"Dzanja lija linali ndi maso, ana inu. Akafika wa m'nyumba mwake, limamira mpaka kumva kuti kho pansi pa mphika. Tikafika ife, limayandama ngati bakha. Mayi anga anadziona nkhope m'mbale mwawo, n'kunena kuti, Shunlai, lero atipatsa galasi. Pamene ife tinkawerengeka nthiti, Genbao wa Gailan masaya anali apa."

Genbao ameneyo ndiye mwamuna wanga, ndipo ndikukuuzani kuti masaya sanakhale nawo chibadwire. Koma m'nkhani ya Bambo aang'ono ankanenepa chaka ndi chaka. Nditangobwera anali ndi masaya chabe, mwana wathu woyamba akuyamba sukulu anali atamera kale kamimba, ndipo nthawi ina ndinamva kuti ankadya mabanzi oyera kuseri kwa khitchini. Anthu ankaseka, ena ankalira, onse ankavomereza ndi mutu. Ndikafika ndi mbale yanga ankatsitsa mawu pang'ono, osati kwambiri. Genbao sankadyera pamenepo, ankadyera pakhomo atayang'ana khoma.

Mwina zikanazilala zokha, chifukwa nkhalamba zinkatha ndipo achinyamata anali atayamba kuthamangira kumafakitale. Koma kunabwera buku. Boma linalemba mbiri ya dera lathu lonse, chibuku chachikuto chofiira cholemera ngati njerwa, ndipo mphunzitsi wamkulu atapeza dzina la mudzi wathu m'menemo anasangalala, n'kuliwerenga mokweza pabwalo la sukulu. Munalembedwa kuti m'zaka zitatu zovuta chifukwa cha chilala, khitchini ya ku Koujiapo inali chitsanzo, kuti Pang Gailan anapeza njira yochulukitsira chakudya ndipo analandira mphatso ya thaulo ndi kapu, ndiponso kuti anthu a m'mudziwu anapyola nthawiyo onse bwinobwino. Kenako a Shunlai analavula pansi n'kuchoka, ndipo theka la mudzi linawatsatira.

Njira yochulukitsira chakudyayo inali kuthira madzi ena. Thaulo ndi kapu zinalidi zoona, ndinali nditaziona pansi pa bokosi la zovala, zosagwiritsidwapo ntchito.

Masiku amenewo ndi amene apongozi ankapaka vanishi, ndipo ine ndinkawagwirira chitini. Anandifunsa osandiyang'ana.

"Iwe unapita kusukulu. M'bukumo Douya alimo?"

"Douya ndani, Mayi?"

Anapitiriza kupaka mpaka kumapeto kwa thabwa. "Genbao anali ndi mlongo wake, wamng'ono kwa iye ndi zaka ziwiri. Anali ndi zaka zisanu."

Ndinali nditakhala m'nyumbamo zaka khumi ndi zisanu, ndipo dzinalo ndinali ndisanalimvepo, kwa mwamuna wanga kapena pansi pa mtengo.

"Zimene amanena Shunlai sikuti ndi bodza lonse," anatero. "Ndinkamiza. Mkulu wa khitchini ankaima kumbuyo kwanga, mzere wonse uli patsogolo panga. Kumiza kamodzi ndinkatha kuba, ngati dzanja laterereka. Kawiri motsatizana akanandilanda chipande, ndiye onse awiri akanapita. Ana anga ankabwera motsogozana, Genbao patsogolo. Agogo awo anali atandiuza kuti nyumba ya a Kou yatsala pa mnyamatayu. Ndiye ndinkamiza kwa Genbao, kwa Douya ndinkakokola pamwamba, ngati wina aliyense."

Ndinawasendezera chitini pafupi, iwo n'kupitiriza.

"Sankalira. Ankagwira mbale ndi manja awiri, n'kumayang'ana chipande, osati ine. Anamwalira chipale chikusungunuka. Mwana wotero salowa kumanda a makolo, umadziwa. Tinamukulunga mumphasa, Shunlai n'kupita naye kuphompho la kuseri kwa munda wa mapira. Sanagwiritse ntchito ngolo, anangomukwapatira."

"Bambo aang'ono omwewa?"

"Omwewa."

Ndinaika chitini pansi mwamphamvu mpaka vanishi anadonthera pa nsapato. Ndinkafuna kupita nthawi yomweyo pansi pa mtengo kukawaswera mbale pamutu. Apongozi anandigwira mkono, ndipo dzanja lawo linali lidakali lamphamvu.

"Khala pansi. Mayi ake anafadi, ndipo m'mbale mwawo ndinathiramo madzi ndine. Ukakayambitsa ndewu, ngakhale anayi aja sindiwapeza."

Ndinakhala pansi, koma mtima sunakhale. Zinandiwawa kwambiri, ndipo zimandiwawabe. Buku linkati palibe anafa, ndiye Douya analibemo malo. Pansi pa mtengo ankati ana a wogwira chipande ankanenepa, ndiye pamenepo analibenso malo. M'kaundula wa fuko la a Kou salembamo atsikana ofa ali aang'ono. Mwana anabadwa, anayenda, anaima pamzere ndi mbale yake, koma mbali zonse zinagwirizana pa chinthu chimodzi chokha, choti sanakhaleko.

Patapita miyezi ingapo kunabwera mnyamata wa ku ofesi yolemba mbiri ija, a Lu, kudzajambula chithunzi cha mayi wachitsanzo. Anali waulemu, anabweretsa mapichesi a m'chitini. Apongozi anakana kugwira chipande pachithunzi, koma anapempha chinthu chimodzi.

"Mwana wanga, simungawonjezereko mzere umodzi? Dzina lokha."

A Lu anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Agogo, ife timakopera zimene zili m'malipoti a nthawiyo. Zimene mulibe m'malipoti amati ndi zakumva, sizilowa. Si ine ndimasankha." Atafika pachipata anatembenuka. "Agogo anga aamuna nawonso mulibe. Anali a tsidya la mtsinje."

Mapichesi aja apongozi anawapereka kwa adzukulu, iwo sanalawe. Anapitiriza kutsuka mbale pa maliro a eni kwa zaka zina khumi, msana ukupindika pang'onopang'ono. Anamwalira nthawi yokolola chimanga, atakhala pampando wawo panja, akusenda nyemba. Ndinawapeza dengu lili pamiyendo.

Genbao anavala zoyera n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo monga mwa mwambo, kugwada n'kugunditsa mphumi pansi. Munthu wa imvi kale, maondo ovuta. Anthu ankamudzutsa mwaulemu, ankati pepani, kenako misana inkayamba kuwapweteka. Wina anati ali ndi chifuwa, wina anati chimanga chili m'munda ndipo mvula ikubwera. Anavomera atatu okha, onse a mabanja obwera pambuyo pa njala. Zoona zake n'zoti mudzi wonse unkadikira a Shunlai, chifukwa ndiwo ankasunga mitengo ndi zingwe zonyamulira, ndipo ndiwo ankaitana mayendedwe a onyamula panjira. Kwa iwo Genbao anagwada pachipata, chitseko osatseguka.

Ngati kuti zimenezo zinachepa, ofesi ya a Lu inatumiza nkhata yaikulu ya maluwa a mapepala, yolembedwa kuti kwa wantchito wachitsanzo. Anaiimika pachipata pathu penipeni, aliyense wodutsa n'kumawerenga. Ndinaitembenuza kuti iyang'ane khoma. Cholinga chawo chinali chabwino, sindikukana, koma nkhata imeneyo inatichotsera amuna enanso awiri amene ankaganizaganiza.

Genbao anati m'mawa aimbira aganyu. Ndinamuuza kuti adikire. Mkazi sayenda kopempha onyamula, koma ine sindinkapita kukapempha. Ndinawapeza a Shunlai kuseri kwa nyumba yawo dzuwa litapendeka, akumangirira chimanga pamtanda.

"Mkazi wa Genbao, wasochera? Nyumba ya maliro ili uko."

"Ndabwera kudzamva nkhani, Bambo aang'ono. Ija ya chipande. Ndaimva zaka zonsezi koma nthawi zonse mumadumpha pena."

"Ndimadumpha pati?"

"Pa mphasa."

Manja awo anaima. Chimanga chimodzi chinagwa n'kugubuduka, nkhuku n'kuchithamangira.

"Anakuuza."

"Anandiuza, n'kundiletsa kubwera kuno. Tsopano wondiletsa wagona. Munamunyamula nokha mwanayo, mukudziwa mmene ankalemerera. Ndiye mwakhala bwanji mukunenepetsa mwamuna wanga pansi pa mtengo, osatchulako mlongo wake ngakhale kamodzi? Mukutukwana buku kuti limabisa akufa. Inu simunabise?"

"Usandifanizire ndi buku, iwe. Buku linakwirira anthu makumi anayi. Ndinawanyamula ndine pangolo, ndikhoza kukutchulira mmodzimmodzi."

"Yambani ndi amene simunamuike pangolo."

Anakhala pa chitsa, n'kuyatsa ndudu. Ndinaganiza kuti andithamangitsa. Koma anayankhula motsitsa, mawu amene sindinawamvepo pansi pa mtengo.

"Amene anatenga tirigu wathu anabwera pa lole n'kupita pa lole. Mayina awo sindinawadziwe, nkhope sindikuzikumbukira. Amene analemba malipoti anasamutsidwa, ena anakwezedwa. Woti ndimuone tsiku ndi tsiku anali mlamu wangayo, ataima ndi chipande, akuthira madzi m'mbale ya mayi anga. Ndikanamuika mwana uja m'nkhani, ndikanakwiyira ndani? Tandiuza, poti ndiwe wanzeru. Munthu sungakhale moyo wonse ukukwiyira fumbi la lole."

Mkwiyo umene ndinabwera nawo unayamba kundithawa, ndipo ndinadana nazo zimenezo. Ndinkafuna kupeza munthu woipa, ndinapeza nkhalamba yosowa mayi ake.

"Komanso anamiza," anawonjezera. "Ndinaona ndi maso angawa."

"Anamiza. Sanakane. Kamodzi patsiku, ana ali awiri."

Ndinaima pamenepo mpaka ndudu inawatentha chala, kenako ndinabwerera kunyumba osalonjezedwa kanthu. Genbao sanandifunse kumene ndinapita.

M'mawa mwake bokosi linali pabwalo, oimba zitoliro atafika, amuna atatu aja ataima pambali akusuta, osayang'anana. Genbao anali atagwira foni m'manja. Nambala ya aganyu anali nayo, koma chala chinkakana. Ndiye tinamva mitengo ikukhulana pakhoma la kanjira. Analowa a Shunlai, mtengo wautali paphewa, zingwe m'khosi, ndipo pambuyo pawo amuna anayi a fuko la a Kou, onse aja a misana yopweteka. Genbao anagwada. A Shunlai anamudutsa n'kupita pa bokosi, n'kuligwira pakona ngati mmene apongozi ankachitira.

"Alamu, matabwa onsewa mumafuna kutipha?" anatero. Kenako anatembenukira kwa enawo. "Mangani bwino. Ine ndikhala kumutu."

"Bambo, pa msinkhu wanu ingoitanani mayendedwe," anatero wina.

"Ndinanyamulapo kale mmodzi wa nyumba ino, sindinamve kanthu pamkono. Ndisiye uyu ndimumve."

Genbao anaswa mbiya pachipata monga mwa mwambo, ndipo bokosi linakwera. Likangokwera siliyenera kukhudza pansi kapena kuima mpaka kumanda. Tinadutsa pamphero, pansi pa mtengo, anthu ataima m'zipata zawo, ena n'kuyamba kutsatira. Njira ya kumanda a makolo imakhotera kumanja pa munda wa mapira. A Shunlai anaitana kumanzere. Onyamula anang'ung'udza, chifukwa kumeneko n'kozungulira ndiponso n'kokwera, koma woitana satsutsidwa bokosi lili pamapewa.

Titafika m'mphepete mwa phompho, pamene pamamera minga yokhayokha, anati, "Imani. Osatsitsa."

Zitoliro zinaleka. Amuna asanu ndi atatu anaima, mitengo ikulira pamapewa, thukuta likutsika. A Shunlai anayang'ana pansi m'phomphomo, ndipo anaitana ndi mawu awo aakulu aja a pansi pa mtengo, monga timaitanira mzimu wa wakufa pa mlatho kuti usatsale.

"Douya, mayi ako akudutsa. Dzuka, tsatira. Njira ndi yomwe ino."

Ine ndinagwira phewa la mwana wanga. Azimayi achikulire kumbuyo kwanga anayamba kulira, kulira kwina kosiyana ndi kwa pamaliro, ndipo ndinazindikira kuti dzinalo ankalidziwa onse. Wamng'ono pa onyamulawo, bambo wa zaka makumi anayi amene anakula akumva za masaya a Genbao, anafunsa mano atakukuta chifukwa cha kulemera.

"Douya ndani?"

A Shunlai anatsegula pakamwa, koma anachedwa. Genbao anali patsogolo, atakumbatira chithunzi cha mayi ake, ndipo sanatembenuke.

"Mlongo wanga," anatero. "Ankaima kumbuyo kwanga pamzere."